Ufa Wofiira pa Mafoloko

Pokhara, 20 Bhadau

Amake Sirjana,

Moni kwa iwe, kwa Bambo, ndi kwa kamtsikana kanga kamene sindinakaonebe. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha nthawi ya mvula chija sichinatheretu. Kaya inu kumeneko.

Kalatayi ndapatsira a Harka, kondakitala wa basi yobwera kwathu ku Dailekh, pamodzi ndi marupi zikwi zinayi. Pa foni ya pagolosale ya a Rawal sindiimbanso. Akazi awo amaima pambali pako ngati akupeta mpunga, mawa lake mudzi wonse wadziwa malipiro anga.

Wati mwana amatuluka thukuta m'mutu akamayamwa. Thukuta lotani? Lozizira kapena lotentha? Wangolemba mzere umodzi basi, ine masiku awiri osadya bwino. Pita naye kuchipatala, usadikire kuti Bambo anene. Mafuta a mpiru umudzoze dzuwa litatuluka, osati m'mamawa.

Za ntchito. Sahuji Tek, mwini shopu, andichotsa kumata matayala, andiika pa mafoloko. Usaganize za foloko ya njinga ya amalume ako, chitsulo chouma chija. Izi ndi njinga zotsikira mapiri. Foloko yake ili ndi miyendo iwiri yonyezimira imene imalowa m'mipaipi n'kutulukanso, m'katimo muli mpweya ndi oyilo, kuti mzungu akagunda mwala manja asathyoke. Pakamwa pa mpaipi pali kalabala kotseka, oyilo asatuluke, fumbi lisalowe. Kamchenga kamodzi kakangolowa pamenepo, kamakanda mwendo, oyilo n'kuyamba kudontha. Ndiye ntchito yanga ndi kumasula, kutsuka, kusintha malabala, kuthira oyilo watsopano, kupopa. Ndinafunsa mtengo wa foloko imodzi. Amake Sirjana, kuposa njati yathu ya mkaka pamodzi ndi mwana wake! Ndinakhala pansi.

Chikondwerero cha Dashain chikangotha kukubwera azungu, akupita ku mapiri a ku Mustang ndi njinga zathu khumi. Wowaperekeza ndi Aita, mnzanga wa mtundu wa Chigurung uja ndinakuuza. Sahuji anena okha kuti, "Khadak, njinga zanga zikapita n'kubwerako bwino, ndikupatsa masiku khumi ukadyetse mwana wako mpunga woyamba, ndiponso nyengo yozizira sindikuchotsa ntchito." Choncho pa Dashain sindibwera. Uwauze Bambo mwambo wa mpungawo audikize mpaka m'mwezi wa Kattik. Wina asamulawitse ndisanafike.

Mawere asagulitsidwe tsopano, mtengo ndi wopusa.

Ndine amuna ako,
Khadak

Pokhara, 6 Asoj

Amake Sirjana,

Moni nonse. Ndamva kuti adokotala ati thukutalo ndi la ana onse. Chabwino, komabe uzimuyang'ana. Chifuwa changa chatha.

Ndatumiza kansalu kachikasu ka mwana ndi sopo muwiri. Shuga kuno wakwera ngati nayenso akupita ku Mustang, ndiye ugule komweko.

Mafoloko onse khumi ndamaliza. Malabala amene ndaikamo ndi otsiriza, ena amachokera ku Kathmandu ndipo safika mpaka chikondwerero chitatha. Ndikadina handulo, foloko imatsika mwakachetechete ngati munthu akukhala pa matilesi. Njingazo ndazifunditsa masaka kuopa fumbi. Aita akundiseka, akuti, "Aise, iwe mwana wako weniweni sunamufunditsepo, koma njinga za eni ukuziimbira nyimbo zogonetsa."

Kwabwera amayi awo a Sahuji kuchokera kumudzi, adzadyera Dashain kuno. Tsiku loyamba anandifunsa dzina la bambo anga ndi ntchito yawo. Ndinanena kuti ndife a Kami, osula zitsulo, mtundu umene amati ndi wodetsedwa, ndikanabisa chiyani. Kapu yanga tsopano ili pa msomali panja, ndimatsuka ndekha, ndipo mpunga ndimadyera pa sitepe. Si zachilendo, ukuzidziwa. Kungoti miyezi yonseyi ndimadyera pa benchi limodzi ndi Sahuji, ndiye ndinali nditaiwala.

Dzana ndinawakhudza mpango podutsa pakhomo. Anaviika ndolo yawo yagolide m'madzi n'kudziwaza thupi lonse. Aita anali pomwepo, akuti, "Ama, njinga zonsezi wazigwira ndi Khadak mpaka m'matumbo mwake. Ndolo imodzi ikwanira?" Iwo akuti, "Iwe wodya njati, khala chete." Aita anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ine sindinaseke. Sahuji anali kuyang'ana mu foni.

Izi usawauze Bambo. Denga la khola alikonze mvula isanabwererenso.

Khadak

Pokhara, 18 Asoj

Amake Sirjana,

Moni. Ndili moyo, thupi lili bwino. Mwana ali bwanji? Ndikulemba dzanja likuthamanga, ukalephera kuwerenga upatse mng'ono wako.

Lero ndi tsiku lodalitsa zitsulo. Kwathu Bambo adzoza nyundo ndi mvukuto, ndikudziwa. Kunonso tinatulutsa njinga zonse pabwalo, masipanala tinayala pa nsalu, mbuzi yakuda inaphedwa. Anzanga a mashopu ena anandiuza kuti zaka zonse Sahuji amangodontheza tika, kadontho kofiira ka madalitso kaja, pa handulo, basi, n'kumangirira duwa. Ndiye ine mtima unali pansi.

Koma mbale anatenga ndi Ama. Mbale yaikulu, mpunga wosaphika, chambiko, ufa wofiira, zonse zokandidwa pamodzi, kwinaku kambale ka magazi. Ine anandiuza ndiime kugeti, ndisayandikire. Anafika pa njinga yoyamba, anaiyang'ana, akuti, "Handulo ndi nyanga chabe. Chinthu chimayenda ndi miyendo." Amake Sirjana, anatapa dzanja lonse n'kupaka pa miyendo yonyezimira ija! Kupaka kwenikweni, kutsitsa mpaka pa kalabala, ngati akumata khoma. Kenako magazi pamwamba pake.

Ndinakuwa ndisanaganize. "Ama, pamenepo ayi!"

Bwalo lonse linatembenuka. Iwo osandiyang'ana n'komwe, akuti, "Tek, wantchito wako akuphunzitsa ine kupembedza?" Sahuji akuti, "Sanazolowere, Ama, pitirizani." Anapitiriza. Yachiwiri, yachitatu, mpaka yakhumi. Ine nditagwira geti ndi manja awiri. Mpunga uja ukauma ndi chambiko umalimba ngati miyala, ndipo ufa wofiira wa pamsika ndi wamchenga, ukaupekesa pa zala umamveka. Foloko ikangotsika kamodzi, zonsezo zilowa m'kati. Ntchito ya mwezi wathunthu.

Nyama anandipatsa pa tsamba, sindinaimve kukoma. Ndikutsuka m'manja pampopi Sahuji anabwera ngati akudzasamba nawonso. Akuti chapansipansi, "Ndaona. Ndingawaletse bwanji mayi anga pa tsiku ngati lino? Mawa kusanache, iwo asanadzuke, upukute zonse. Pa handulo usiye. Usauze munthu."

Ndinati, "Sahuji, ine kupukuta madalitso? Ine wa Kami?"

Akuti, "Ukufuna kukaona mwana wako kapena ayi?"

Ndiye nsanza ndachapa kale, zili pa chingwe. Mawa inu mukulandira tika kwa Bambo. Umuike mwana kadontho kakang'ono, ufawo usamulowe m'maso.

Khadak

Pokhara, 21 Asoj

Amake Sirjana,

Moni. Ndikhulupirira chikondwerero mwadya bwino. Ine ndilipo. Tsaya latupa pang'ono, si kanthu.

Sizinayende. Ndinaiwala kuti tsiku la tika akuluakulu amadzuka nkhuku zisanalire kukasamba. Ndinali nditapukuta zisanu ndi imodzi, ndili chogwada pa yachisanu ndi chiwiri, nsanza ili psuu m'manja. Ndinangomva mtsuko wamkuwa ukugwa kumbuyo kwanga.

Mawu amene ananena sindilemba, mng'ono wako angawerenge. Anthu a nyumba zoyandikana anatuluka. Sahuji anatsika atavala thaulo lokha. Ine mtima unakhala pansi, ndinati eya, mwini nkhani wafika. Anayang'ana amayi awo, anayang'ana anthu, kenako ine. Akuti, "Wakutuma ndani?"

Amake Sirjana, munthu yemwe uja anandituma. Wakutuma ndani! Ndisanapeze mawu, dzanja la Sahuji linagwera pa tsaya lija.

Njinga zinayi zotsalazo Ama anazitsekera m'chipinda, kiyi anamanga pa mpango. Dzulo zonse zakwera pa denga la jipi ndi azungu awo. Pomanga zingwe anyamata amakoka mpaka foloko itatsika, ndiye ndinaona ndi maso anga mpunga uja ukumira m'kalabala. Ndinamukokera Aita kuseri, ndinamusonyeza zinayizo. Akuti, "Ndikazitsuka tikafika pa Beni, usade nkhawa, nkhope yako ikuoneka ngati ya mbuzi ya dzana." Ndinati kutsuka kunja sikuthandizanso, uziyang'ana oyilo pa mwendo wakumanzere, pansi pake pali buleki. Akuti wamva. Aita amati wamva ngakhale asanamve.

Sahuji sakundilankhula, komanso sanandithamangitse. Ndikusesa pabwalo ndi kumata machubu. Za masiku khumi aja sindinafunse.

Chaka chino pamphumi panga sipanafike tika. Uwauze Bambo ndinalandira kwa anzanga.

Ndalama ulendo uno palibe, a Harka asakudabwitse.

Khadak

Pokhara, 29 Asoj

Amake Sirjana,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndalandira. Wati mwana wayamba kudzitembenuza yekha. Usamusiyenso pa bedi, goneka pansi pa mphasa, kutali ndi moto. Wafunsa za tsaya, latha. Wafunsanso tsiku lobwera. Werenga kaye.

Aita ali m'chipatala kuno. Anabwera naye pa jipi, maola ambirimbiri pa msewu wamiyala uja. Phewa lathyoka, nthiti ziwiri, mano akutsogolo atatu palibe.

Ndinapita kukamuona. Ndinaima pakhomo osamuzindikira, nkhope yonse ngati dzungu. Iye ndi amene anandiitana. "Lowa aise, kuno kulibe ndolo."

Akuti tsiku lachitatu foloko imodzi mwa zinayi zija inayamba kulira misozi yofiira. Inali ya mayi wina wachizungu. Iye anasinthana naye, n'kukwera yodonthayo yekha, akumapukuta ndi malaya akaima. Potsika kuchokera ku Muktinath oyilo anafika pa buleki yakutsogolo. Akuti, "Ndinafinya, njinga n'kungondipatsa moni kuti namaste." Kutsogolo kunali mpanda wamiyala wa munda wa maapozi.

Ndinati bwanji sunaikweze pa jipi? Akuti jipi inali itatsogola ndi zikwama, ndiye akanamuuza mlendo kuti ayende pansi? Akuseka, magazi akutuluka m'kamwa. Ine ndinakhala pansi pa simenti. Akazi ake anali pomwepo ndi ana awiri, wamng'onoyo ndi wamkulu pang'ono kuposa wathu. Dokotala akuti njinga aiwale mpaka chaka chamawa. Adya chiyani anthu amenewa?

Kushopu nkhani ndi ina. Ama akuuza aliyense wodutsa kuti mulungu wamkazi wakwiya chifukwa dzanja la Kami linafufuta madalitso. Ndinayesa kunena kuti imene yagwetsa Aita ndi yosapukuta. Akuti, "Mwamva? Akuvomera kuti anazisankha." Wogulitsa tiyi wapangodya, amene timacheza naye tsiku lililonse, tsopano amandithirira tiyi kuchokera m'mwamba osakhudza kapu.

Foloko ija ndaimasula. M'kati muli phala lofiira, mwendo wakandika mizere ngati munda wolima. Yatha, siikonzekanso.

Dzulo Sahuji anandiitana kuseri kwa shopu. Anandipatsa ndudu, ine sindisuta, akudziwa. Akuti, "Khadak, iwe ndi ine tikudziwa chimene chinachitika. Koma amayi sadya, akuti nyumba yadetsedwa. Loweruka kukubwera wansembe kudzayeretsa. Iwe udzagwade pabwalo, udzanene kuti unachita wekha chifukwa cha mwano, upepese. Mawu awiri basi. Ukatero masiku khumi ako alipo, ntchito iliponso. Kodi mawu amathyola fupa?"

Ndavomera. Usandifunse zambiri. Ndawerengera mpunga wa nyengo yozizira, ndawerengera mankhwala a Bambo, sindinapeze pena potulukira. Mawondo anga agwadira njinga miyezi isanu ndi iwiri, sangalephere kugwadira munthu kamphindi.

Ndiye uwauze Bambo afunse tsiku labwino pakati pa Kattik. Mbuzi tisagule, nkhuku ziwiri zikwana. Kadiresi kofiira ka mwambo ndigula kuno, ndaona kena pamsika, akuti marupi mazana asanu koma nditsitsa.

Khadak

Pokhara, 6 Kattik

Amake Sirjana,

Moni. Ndili bwino m'thupi. Ndikulembera pa benchi la m'chipatala, pafupi ndi bedi la Aita, chifukwa ndi pamene ndagona. Ukhale pansi powerenga, ndipo uwerenge wekha.

Dzulo wansembe anabwera. Njinga zinali pabwalo, zisanu ndi zinayi, zonse nditazimasulanso sabata ino, malabala atsopano atafika kuchokera ku Kathmandu. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. Ndinagwada patali pamene anandilozera. Ndinanena zonse monga anandiuzira, kuti ndinachita ndekha, kuti ndi mwano, kuti Ama andikhululukire. Mawu anatuluka bwinobwino, ine ndemwe ndinadabwa. Ama anati, "Wamva yekha mulungu." Anandiwaza madzi a ndolo ali kutali. Ndinati basi zatha, ndikupita kwa mwana wanga.

Ndikudzuka, ndinaona mtsikana wantchito akutuluka m'nyumba ndi mbale ija.

Amake Sirjana, mbale yomwe ija! Mpunga, chambiko, ufa wofiira. Wansembe akuti madalitso amene anafufutidwa abwezeretsedwe pamalo pomwe anachotsedwa. Ama anapinda mpango m'chiuno n'kuyamba. Ulendo uno anapaka mochuluka kuposa poyamba, kuti zigwire. Ine ndili chiimire, fumbi lili m'mawondo. Lachitatu njinga zomwezi zikupitanso ku Mustang ndi alendo ena, wowaperekeza ndi mnyamata watsopano amene wakwatira chaka chino.

Sahuji anasendera pafupi nane, maso ali kwa wansembe, manja atawaphatikiza ngati akupemphera. Akuti ndi pakona pa mlomo, "Mawa kusanache. Koma ulendo uno usamale."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Sindinakonze, ndikulumbira pa mwana wathu. Ndimafuna kungofunsa kuti ndimve bwino, koma mawu anatuluka aakulu ngati ndikuitana munthu kutsidya la mtsinje.

"Sahuji, mukuti ndipukutenso? Ngati mmene munandituma ulendo watha uja?"

Belu la wansembe linasiya kulira. Ama anaima, dzanja lili m'mwamba, ufa ukudontha m'chigongono. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mwana wawo. Akuti, "Tek, akuti chiyani uyu?"

Sahuji nkhope inachita ngati phulusa. Akuti, "Wapenga, Ama."

Ama akuti, "Ndakufunsa iwe. Unamutuma?"

Munthu wamkulu, wa ana atatu, mwini shopu, anangoyang'ana zala za kumapazi. Wina kumsewu anaseka. Ama anaika mbale pansi pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

Anthu atabalalika Sahuji anangoti, "Nyamula zako." Sanakuwe. Malipiro a mwezi uno anaponya pa benchi, osachotsapo kanthu. Ndinati nanga mafoloko? Akuti, "Si ako."

Ndinamufotokozera Aita. Anaseka mpaka namwino anabwera kudzamukalipira chifukwa cha nthiti. Akuti, "Miyezi yonseyi umalankhula ngati khoswe, lero wapeza pakamwa pa tsiku lolakwika." Kenako anasiya kuseka, anabwereka foni, anamuimbira mnyamata watsopano uja kuti asakwere njinga iliyonse ya pamenepo asanaone yekha kuti miyendo ndi yoyera, ndipo ikangodontha aisiye panjira. Chimene ndikanatha ndi chimenecho. Amene apukute sindikumudziwa.

M'mawa uno ndazungulira mashopu ena atatu a m'mbali mwa nyanja. Onse amva kale. Mmodzi akuti ndidzayesere mwezi wa Phagun alendo akadzayambanso, mwina anthu adzakhala ataiwala. Mwina.

Ndiye ntchito palibe. Ndalemba poyera kuti usamve kwa a Harka. Ndaganiza usiku wonse kuti ndikanangotseka pakamwa, koma ndikatseka maso ndimaona mano a Aita. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Ukandikalipira ndikamva.

Mawere aja musagulitse ngakhale pang'ono, tidya ife. Nkhuku ikhale imodzi. Bambo uwauze kuti ndapatsidwa tchuthi, zinazo ndikawauza ndekha mwambo ukatha. Mvukuto wawo ngati ukadali wabwino ndiziwathandiza kusula mazenga mpaka Phagun.

Kalatayi ikunyamuka lero, ine ndikwera basi ya Lachiwiri, ndikufuna ndimuperekeze kaye Aita kunyumba kwake. Ndifika Lachitatu madzulo ngati phiri silinagumukire msewu. Usabwere kumsewu ndi mwana, kukuzizira. Ndikamalowa umunyamule iwe, ine ndiyambe ndakhala patali, sakundidziwa, angalire.

Kadiresi ndagula, sanatsitse.

Chinthu chimodzi. Oyilo wa mafoloko walowa m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya zala. Ndakhula ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, sakuchoka. Ufunse amayi ako ngati munthu angadyetse mwana mpunga woyamba ndi dzanja lotere. Ngati n'zosayenera, ndigula kasipuni pa Surkhet posintha basi.

Ndine amuna ako,
Khadak